Zaka Khumi ndi Ziwiri Pakati pa Iwe ndi Felisita

Zemba,
Lachisanu masana

Lameki mwana wanga,

Ndakhala pakhonde ndi kope lakale la sukulu pamene iwe wapita kukamwetsa ng'ombe kudambo, ndiye ndati ndilembe msanga usanabwere. Udabwa kulandira kalata kuchokera kwa munthu amene chitseko chake chayang'anizana ndi chako. Koma wekha ukudziwa kuti kwa miyezi inayi tsopano mawu athu akhala "mwadzuka bwanji" ndi "madzi ali kubafa", basi. Ndikati nditsegule pakamwa, uphunzitsi umandibwerera, ndimayamba kuwerenga mfundo ndi zala, iwe n'kutenga chipewa chako. Papepala mwina undimvetsera mpaka kumapeto.

Mawa m'mawa ukumanga ng'ombe pangolo, ukunyamula mphasa, khasu, nkhwangwa ndi bokosi lako la zitsulo zokonzera njinga, ukupita kuchikamwini ku Zingalume, kwa Felisita. Amalume ako a Yelemiya andiuza zimene unawauza, kuti pokuperekeza apite iwo ndi amayi ako aang'ono a Esinati, ine nditsale. Sanandibisire, ndipo sindinakwiye. Ndikanakhala iwe ndikananena zomwezo. Kalata ino ndi yopempha kuti uganizenso. Koma ndisanapemphe, ndikuuze zolakwa zanga, chifukwa malangizo amene ndili nawo ndinawapeza polakwa, osati m'mabuku.

Cholakwa choyamba tinagawana, ine ndi iwe. Unabwera nthawi yokumba mtedza n'kunena kuti, "Amayi, ndapeza mbeta ku Zingalume, mukaone pakhomo." Ndinakufunsa ngati ndi waulemu, unati inde. Ndinakufunsa ngati amalima, unati kuposa ine. Za zaka sindinafunse, iwenso sunanene. Tsiku la ulendo unatsogola ndi ngolo kukatula matumba a munthu ku Mlolo, n'kutiuza kuti tikakupeza kwa mkaziyo. Ine ndi a Esinati tinafika iwe usanafike.

Zimene zinachitika usanafike unangozimva kwa ena, ndiye leka ndikuuze mwini wake. Tinalandiridwa ndi mayi wamtali, wodekha, duku lomangidwa bwino, bwalo losesedwa mpaka kunkhokwe. Anatiyalira mphasa n'kugwada chapatali. Kenaka m'nyumba munatuluka mtsikana ndi chikho cha madzi, maso pansi, n'kugwada mawondo onse awiri. Mtima wanga unangoti myaa, ndati mbeta ija ndi imeneyi. Ndinatembenukira kwa mayi uja, n'kumuombera m'manja monga timachitira ndi mnzathu amene mwana wake akukwatirana ndi wathu.

"Asewele, tafika," ndinatero. "Mwana mwalera."

"Zikomo, amayi," anayankha motsitsa mawu.

"Ali kalasi yanji?"

"Rozina ali Giredi 9. Akufuna unamwino."

"Ndiye Lameki adikire. Ine ndagwira choko zaka makumi atatu, sindingatulutse mwana pasukulu chifukwa cha ukwati. Inu ndi ine, asewele, ndife akuluakulu. Tiwaletse anawa kuthamanga."

Rozina anaika dzanja pakamwa n'kuthawira kuseri kwa khola. A Esinati anali atayamba kale kunditsina pantchafu, ine ndikuwachotsa dzanja, ndikuyesa kuti akudandaula nyerere za pamphasa. Nthawi yomweyo ngolo inalowa pabwalo. Mayi uja anaimirira, n'kukulandira chikwapu, n'kukusasa fumbi paphewa. Iwe unati, "Felisita, alendo afika kalekale?" Ndinayang'ana iwe, ndinayang'ana iye, ndinayang'ana a Esinati. A Esinati anali akuyang'ana denga la nkhokwe ngati pali cholembedwa.

Zotsatira unaziona ndi maso ako. Nkhuku inali itaphedwa kale chifukwa cha ine, nthenga ndinaziona kudzala polowa. Ndinanyamuka osalawa, osatsazika. Ine amene ndaphunzitsa atsikana a mudzi uno kuti mlendo sachoka pakhomo pa munthu atamuphera chiweto, ndinachoka. Limenelo ndi gawo langa. Gawo lako ndi ili: unadziwa kuti iwe uli ndi zaka makumi awiri ndi zisanu, iye makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, unaopa nkhope yanga, n'kusankha kuti ndikadzionere ndekha. Unadzipulumutsa, koma amene unamusiya yekha pamphasa tsiku lija ndi Felisita. Anadziwa kuyambira pa mawu anga oyamba kuti ndasokera, koma mkazi sangauze apongozi ake tsiku loyamba kuti mwasokera. Anangopirira. Usaiwale zimenezi, Lameki. Nkhani yovuta uzinena wekha, ndiponso msanga. Ukaibisa, adzainyamula ndi mkazi wako.

Cholakwa chachiwiri ndi changa ndekha. Manyazi anandiwawa, ndiye ndinawasandutsa nthabwala. Pachitsime ndinafotokoza. Pochokera kuchigwirizano cha amayi Lachinayi ndinafotokozanso. Ulendo uliwonse ndinkawonjezerapo: poyamba Felisita anali ndi imvi ziwiri, sabata yotsatira mutu wonse unali mbuu. Amayi ankaseka mpaka kutula ndowa pansi, ine n'kumaona ngati akundipepesa.

Unali kulibe tsiku la masewera, pamene sukulu ya kuno, ya ku Mlolo ndi ya ku Zingalume zinakumana pabwalo lathu. Anandikhazika kutsogolo pampando, poti ndine mphunzitsi wopuma. Mpira utatha, atsikana a Giredi 7 anabwera ndi sewero. Sanatchule dzina la munthu, koma panalibe wofunsa kuti akunena ndani. Wina anavala magalasi a waya, kukhala ine. Wina anavala kabudula ndi chipewa, kukhala iwe, chala chili m'kamwa. Wachitatu anadzola phulusa kumutu, anadetsa mano ndi makala, n'kutulukira ndi ndodo akunjenjemera. Wa magalasi uja atagwada n'kufuula kuti "Asewele!" bwalo lonse linafa ndi phwete. Ndinaseka nawo, Lameki. Ndinaseka mpaka pamene ndinacheuka n'kuona Felisita ataima kumbuyo pansi pa mtengo wa mango. Anabwera kudzaonerera Zuze, mwana wake wamng'ono, akusewera mpira. Pambali pake panali Rozina, atafunda chitenje kumutu.

Mawu onse a m'seweromo anali anga. Anawo sanapeke kanthu, kupatula chala chija.

Ndinawatsatira kuseri kwa makalasi, osadziwa chimene ndikanene. Felisita anagwada n'kundipatsa moni ngati palibe chachitika.

"Amayi, ana anuwa ndi aluso," anatero. "Koma pa mano anama. Ndili nawo onse." Anandionetsa akumwetulira. Kenaka kumwetulirako kunatha. "Ine kusekedwa ndinazolowera. Tinalowa m'dziko muno nkhondo ya kwathu ku Mozambique ikutipirikitsa, bambo a anawa titawasiya m'tchire osawaika, ine chitenje chimodzi, Zuze kumsana. Maina amene anthu anatitcha sindingawerenge. Koma Rozina uyu, Lolemba apita bwanji kusukulu?"

Ndinangoima ndi chikwama changa m'manja mpaka iwo anatsazika. Tsiku lomwelo ndinapita kwa ahedi kukapempha kuti sewerolo lisachitikenso. Lachinayi lotsatira ndinaimirira kuchigwirizano n'kuuza amayi kuti imvi zija ndinapeka ndine, ndodo ndinapeka ndine, ndipo mkazi amene ndinkamunena ndi waulemu kuposa amene ankamunenayo. Ena anachita manyazi, ena anasekabe. Ndamva kuti Rozina anajomba kusukulu masabata awiri.

Ndikukuuza izi chifukwa mayesero omwewo akukudikira. Ukadzakhala pansi pa mtengo ukumata chubu, amuna anzako adzakuputa. Wina adzati, "Fulumira, agogo akudikira." Njira yapafupi yothawira ndi kuseka nawo, n'kuponyapo kako kamodzi kuti aone kuti sizikukuwawa. Usachite. Sindikuti umenyane ndi anthu. Nthabwala ya mnzako imatha ndi tsikulo, koma yotuluka m'kamwa mwako anthu amaisunga, chifukwa amati wanena ndi mwini wake. Za m'nyumba mwanu, zoseketsa ndi zowawa zomwe, muziseka awiri. Usaiwale, mwana wanga.

Cholakwa chachitatu unangochimva theka. Ndi zoona kuti sewero lija lisanachitike ndinapita kwa amalume ako kukawauza kuti akane unkhoswe. Ndinadziwa kuti popanda nkhoswe ya kuchimuna ukwati sungaime, ndiye ndinati nditsekere pamenepo. Ndinawapeza akusema mpini. Ndinawerenga zifukwa zitatu ndi zala: mkaziyo ndi wamkulu, mwina sadzabala, ndi wobwera, abale ake ambiri anabwerera kwawo mtendere utafika, mawa akhoza kukuwolotsa malire, ndipo anthu adzanena chiyani.

Iwo sanasiye kusema. "Alongo," anatero, "alamu angawa, malemu amuna anu, anakuposani zaka zingati?"

"Khumi ndi zinayi."

"Ndani anakana unkhoswe?"

"Amenewo anali amuna."

"Ooh. Ndiye masamu anu aphunzitsi amasintha akaona ndevu?" Anauzira zipalapala pampini. "Zifukwa zanuzi mwakonza panjira. Mkazi amene anzake anabwerera iye n'kutsala, n'kutsegula munda, n'kumanga nkhokwe ziwiri, ndiye wothawa ameneyo? Nenani chenicheni, kapena bwererani mukachiganizire."

Ndinachoka nditakwiya, koma ndinakachiganizira. Chenicheni ndi kolala ya malaya ako oyera aja. Chimwalirire atate ako, iwe uli ndi zaka khumi ndi ziwiri, makolala ako onse akaperepeseka ndinkawatembenuza ndine. Tsiku lina pochapa ndinapeza kolala yotembenuzidwa kale, msoko wake waung'ono, wowongoka, wabwino kuposa wanga. Ndinakhala nayo m'manja nthawi yaitali, madzi akuzizira m'beseni. Ukanabweretsa mtsikana wamng'ono, ndikanamuphunzitsa kusoka, ndikanamuuza kuti Lameki sadya therere lothira soda wambiri, ndikanakhalabe ine wodziwa. Felisita sakusowa kuphunzitsidwa kanthu ndi ine. Sindinaope kuti akusamala molakwika. Ndinaopa kuti akusamala bwino, ine n'kukhala wopanda ntchito. Zimenezi zinali zochititsa manyazi kunena, ndiye ndinazivika zovala za zaka ndi za malire.

Tsiku lidzafika limene udzakwiya ndi mkazi wako, chifukwa palibe banja losakwiyitsana. Usanathamangire kwa ankhoswe, khala pansi udzifunse chimene chakuwawa kwenikweni. Kawirikawiri chimakhala chaching'ono, ndiponso chochititsa manyazi. Unene chimenecho. Ukapita ndi zifukwa zokonza panjira, ankhoswe adzaweruza nkhani imene kulibe, yeniyeniyo n'kutsala m'nyumba.

Cholakwa chachinayi ndi chakale, iwe usanabadwe, ndipo ndicho chofunika kwambiri kwa iwe, chifukwa ine ndinakhalapo wamng'ono m'nyumba. Atate ako anabwera kuno ku Zemba kuchikamwini monga ukupitira iwe, ine ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndinkawaopa ngati mkulu wa mpingo. Chaka chachitatu cha banja lathu anati tibzale thonje m'munda wa kumunsi, pafupi ndi dambo. Ine ndinakulira m'munda umenewo. Ndinkadziwa kuti mvula ikalimba madzi amaima mpaka m'akakolo, ndipo amayi anga ankangobzalamo mbatata pamizere yaitali. Koma ndinati, ine mwana, ndiwauza chiyani akuluakulu? Ndinakhala chete, ndinalima nawo, ndinabzala nawo, ndinapalira nawo. Thonje lonse linasanduka lachikasu n'kuwola.

Tsiku limene tinaima m'mundamo madzi ali m'miyendo, amayi anga anadutsa n'kunena kuti, "Nanga uyu sanakuuzeni?" Atate ako ananditembenukira.

"Unkadziwa?"

"Inde."

"Nanga pakamwa anakusoka ndani? Ine ndinakwatira mkazi, sindinalembetse mwana wa sukulu."

Sanandikalipire kuposa pamenepo, koma madzulo ake anandiuza chinthu chimene sindinachiganizirepo, kuti kwa zaka zitatu zonsezo ankasungulumwa m'nyumba mwake. Zonse ankaganiza okha, zonse ankalakwa okha. Ine ndinkayesa kuti ndikuwapatsa ulemu.

Tsono mvetsera bwino. Ku Zingalume ukakhala wamng'ono m'nyumba, ndiponso mlendo pamudzi. Njira zolakwika zilipo ziwiri. Yoyamba ndi imene ndinatenga ine: kukhala chete, kusiya zonse m'manja mwa Felisita chifukwa waona zambiri, mpaka kudzazindikira kuti wachoka kwa mayi mmodzi n'kupita kwa wina. Felisita walera ana awiri yekha, sakufuna wachitatu. Akufuna munthu woganiza naye. Ukaona kuti walakwa, nena. Yachiwiri ndi yoipa kuposa: kukweza mawu pabwalo, kusintha malo a khola, kulamula za mbewu m'munda umene sunauone nyengo ya mvula, kuti anthu adziwe kuti mwamuna ndi iwe. Munda uja anautsegula ndi manja ake, akudziwa pamene pamaima madzi. Chaka choyamba uzifunsa kwambiri. Anthu a pamudzi sayeza mkamwini ndi mawu, amamuyeza ndi denga losadontha ndi mizere yowongoka.

Za zaka sindikunamiza kuti ndi zopanda kanthu. Lero simukuzimva. Koma ine ndinali ndi mphamvu zanga zonse pamene atate ako anayamba kupuma panjira yopita kutchalitchi, ndipo zaka zawo zomaliza ndinkawasambitsa ndine. Sindinadandaule, koma sindinakonzekenso, chifukwa palibe anandiuza. Iwe ndikukuuza. Ukadzafika msinkhu umene amuna amayamba kulemekezedwa pamudzi, iye adzakhala atayamba kutopa, ndipo padzapezeka okunong'oneza kuti ukadali mnyamata, utengeko wina. Mawa usakalonjeze kwa Felisita wa lero yekha, wa mano onse uja. Ukalonjezenso kwa wa tsiku limenelo. Ngati mtima wako sungathe, kuli bwino kumasula ng'ombe mawa m'mawa kusiyana ndi kudzamusiya atakalamba. Koma ine ndakuyang'ana miyezi inayi iyi, mudzi wonse ukukuseka, mayi wako akutsogolera, iwe osagwedera. Ndikuganiza kuti ungathe.

Za ana ndinene mwachidule. Ine ndinakhala zaka zinayi wopanda pathupi, ndipo agogo ako a kuchimuna akabwera kudzacheza ankayang'ana mimba yanga asanandiyang'ane nkhope. Ndinalumbira kuti sindidzachita zimenezo kwa mkazi wa mwana wanga, koma waona kuti chinali chala changa choyamba kwa amalume ako. Mwana akabwera tidzavina. Akapanda kubwera, usamuyang'ane Felisita ngati munda umene wakana mbewu. M'nyumba muja muli kale ana awiri. Rozina umamuposa zaka zisanu ndi zitatu zokha, ndiye usamukakamize kukutcha atate, ndipo usazolowerane naye ngati mnzako. Umulemekeze ngati mwana wamkazi wamkulu wa pakhomo, uonetsetse kuti wafika kuunamwino kuja. Zuze umuphunzitse kumanga masipoko a njinga. Dzina lokutchula adzalipeza okha.

Tsopano pempho langa. Kuseri kwa makalasi kuja sindinapepese. Ndikanatha kulemba kalata ina yonga ino n'kukupatsira, koma sizingakwane. Ndinamunyoza Felisita pabwalo pake, anansi ake akuona, ndiye ndi pabwalo pomwepo pamene ndiyenera kugwada, anansi omwewo akuona, Rozina ali pomwepo. Mawa ndi tsiku limene onse adzakhala atasonkhana. Ukapita popanda ine, anthu a ku Zingalume adzati mayi wa mwamuna wakana mpaka mapeto, ndipo mkazi wako adzayamba banja atanyamula zimenezo. Sindikufuna kukalankhula zambiri. Ndauza a Esinati kuti ndikapitirira mawu asanu andikhudze, ulendo uno ndidzamva.

Koma ulendowu ndi wako, ndipo sindikukakamiza. Sindikufunanso kuti tikambirane madzulo ano, chifukwa ndikudzidziwa, ndiyamba kuwerenga zala. Tichite chonchi. Mawa dzuwa likamatuluka ndidzakhala nditavala, nditakhala pa chitsa chija cha pamphambano, pamene njira ya ku Zingalume imapatukira. Ngolo ikadutsa, ndidzakweza dzanja, ndidzakupempherera, n'kubwerera kunyumba, ndipo sindidzakusungira kanthu mumtima. Chitseko changa chidzakhala chotsegukira iwe ndi iye tsiku lililonse limene mudzafune.

Ukaimitsa ng'ombe, usanene kanthu. Ungondigwira dzanja pokwera, bondo lakumanzereli silikupindikanso bwino.

Ndine amene ndinakubala,
Amayi ako